Kadontho

Kanayamba kochepa ngati njere ya mpiru,
kakuda, kumapeto kwenikweni kwa chibwano.
Lilime ndilo linayamba kudziwa,
tsiku lonse kuzungulira pomwepo
ngati mbuzi pachikhomo.

Ine Felesiya wa pa Lizulu,
wogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu,
kuola ndimakudziwa ndi chala chokha:
ndikadina, ndimamva ngati m'kati mwafewa.
Koma za m'kamwa mwangamu ndinati zitha zokha.

Juni atafika, mphepo ya ku Mozambiki
inawoloka msewu popanda chiphaso
n'kulunjika pabowo paja.
Basi ikaima, anzanga liwiro ndi mabeseni,
ine chitenje kukamwa,
kuitana kasitomala ndi maso.

Nasiketi anati ika fodya wopera.
Apongozi anati muli mbozi, fukiza nthula.
Mnyamata wa pagalaja anati dontho limodzi
la mafuta a buleki, nkhani yatha.
Ziwiri ndinayesa, chachitatu ndinaopa.
Asipirini ndinamugoneka pabowo,
anangondiwaula nkhama.
Usiku ndinawerenga misomali ya denga,
a Zakeyu ali mkonono pambali panga,
ndipo kunacha tsaya litatupa
ngati ndabisamo mbatata ya eni.

Kuchipatala cha pa Boma, benchi lozizira,
anthu khumi ndi mmodzi, onse dzanja patsaya.
Wodutsa akanafunsa kuti wamwalira ndani.

Mayi Kamtambe, wamfupi, wosathamanga,
analowetsa kagalasi n'kuwerenga mano anga
monga ndiwerengera milu madzulo.
"Ili lapita, kuola kwafika kumuzu. Tizula.
Awiriwa mwawapeza msanga:
tikolopola choolacho, timata."
Kumata dzino? Ngati chubu cha njinga?
Anaseka kuseri kwa kansalu.
"Mbozi mulibe, mayi. Ndi shuga wogona m'kamwa.
Tizilombo tosaoneka timamudya,
n'kusiya zowawasa zosungunula dzino.
Mu tiyi mumathira masipuni angati?"
Ndinati awiri.
Anangondiyang'ana.
Ndinati anayi,
osawerengera maswiti a chenji.

Jakisoni. Mlomo unasanduka wa munthu wina.
Ndinamva kukankha, kugwedeza, osati ululu,
kenaka mbwee! m'kambale kachitsulo.
Zaka makumi atatu likusenda nzimbe,
kuswa chimanga chokazinga,
kudula ulusi wosokera matumba,
kutsegula mabotolo pa maukwati,
lero lagona chagada, mphako pamimba.
Sindinalitsanzike n'komwe.

"Lumani thonjeli. Lero osachukucha.
Mawa madzi ofunda a mchere, pang'onopang'ono.
Kutupa kukapanda kuphwa, bwererani."

Ndinabwereranso Lachinayi linalo
ngakhale ululu unali utatha
ndipo mtima unkati ndalama ya minibasi
ndi ndowa theka ya kachewere.
Kamakina kanalira ngati udzudzu wokhuta,
fungo ngati nyanga yopsa,
phala loyera pabowo, n'kuuma ndikadali pompo.
Awiri aja alipo mpaka lero.
Ndimatafunira nsinjiro zosasinja.

Tsopano mswachi m'mawa, mswachi pogona,
mankhwala kadontho ngati nsawawa,
ndilavule koma ndisatsukuluze.
Masiku ena ndimatopa, ndimagona,
n'kudzukanso mumdima kukatsuka ndikung'ung'udza.
Tiyi wa supuni imodzi sanandizolowerebe.
Ulusi ndimadula ndi lumo.
Lilime likamapita kukazonda pampata paja
limapeza bwinja losalala,
n'kubwerako.

Dzulo ndinamuona Nasiketi
akudya chimanga chootcha mbali imodzi,
diso lamanzere litatsinzina.
Ndinati, mnzanga, pa Boma amamata.
Anati, aaa, n'kadontho chabe, zitha zokha.

Ndinapisa dzanja m'thumba,
ndinasankha mbatata yosalala, yolemera bwino,
ya kabala kamodzi kakuda pakhungu.
Ndinaidula pakati ndi mpeni,
n'kumuikira pamiyendo
zibanthu zonse ziwiri.